Sipika ija adaing'amba dala, musatipepese

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndidandaule za zomwe zidachitika Lamlungu lapitali madzulo pa wailesi ina, pa pulogalamu ija ya nyimbo zakale. Amene mudatchera khutu mukudziwa kale zomwe ndikunena. Mnyamata yemwe amupatsa pulogalamuyi masiku ano adaika You Really Got Me ya The Kinks, ife okalamba n'kuwongola msana pampando, ndiye isanafike n'pakati pomwe adaidula. Kenaka mwaulemu wake wonse adatipepesa omvera. Akuti nyimboyo yaonongeka, gitala ikumveka ngati sipika yong'ambika, ndipo auza a zamakina kuti aione. M'malo mwake adatiikira kanyimbo kena kosalala ngati phala la mwana wakhanda.

Ndidatsala pang'ono kuponya wailesi yanga m'chitsime.

Mwana wanga, sipika ija idang'ambikadi. Adaing'amba dala ndi lezala mwini wake, Dave Davies, ali mnyamata wa zaka 17 ku London, chifukwa ankafuna kuti gitala yake ilire mosasa, ngati ikukalipa. Chidali chaka cha 1964, chomwe ife tidalandira ufulu, ndipo nyimboyo idakwera mpaka pa nambala wani ku Britain chifukwa cha kusasa komweko. Tsono chomwe mudapepesacho ndiye nyimboyo. Zili ngati mayi kugwada pamaso pa alendo kupepesa kuti kambuzi akuwawa. Nanga a zamakinawo akakonza bwanji? Akwera ndege kupita ku London ndi selotepi kukamata sipika yomwe idang'ambika zaka zoposa 60 zapitazo? Akapita atiuze, tiwaperekeze mpaka ku Chileka.

Wina anena kuti mdala uyu wasowa chochita, akulirira kanyimbo ka mphindi ziwiri pomwe dziko lili ndi mavuto a chimanga ndi mafuta. Inde, ndikulirira kanyimbo ka mphindi ziwiri. Pa sabata yonse timapatsidwa ola limodzi lokha, ndipo m'ola lomwelo theka limathera kupereka moni kwa alamu ake a muulutsi. Nyimbo ikangoyamba iye n'kulowa pamwamba pake, kutiuza nthawi, ngati tilibe mawotchi.

Chomwe chikundiopsa n'chakuti ngati khutu la mnyamatayu lili chonchi, ndiye kuti mbale zonse zabwino za nyimbo za zaka za m'ma 1960 aziika pa mulu wa zoonongeka. Akadzamva Satisfaction ya The Rolling Stones, ya 1965, momwe Keith Richards adadutsitsa gitala m'kabokosi kosasitsa mawu, adzaitana amakanika. Akadzamva Louie Louie ya The Kingsmen ndiye adzatseka wailesi yonse. Anyamata amenewo adajambula nyimboyi mu 1963 ku Portland, m'kachipinda kotchipa, woimba akukuwa chokweza khosi kuti afikire maikolofoni yomwe idali pamwamba. Pena pake adalowa msanga nthawi yake isanakwane, n'kubwerera, ndipo adazisiya momwemo. Mawu ake samveka, mpaka apolisi ofufuza a FBI ku America adaifufuza poganiza kuti muli zolaula, n'kulephera kumva chomwe akunena. Nyimbo zotere amazitcha garage chifukwa ambiri mwa anyamatawo ankaphunzirira m'magalaja a makolo awo, ndi zida zotchipa, luso lochepa koma mtima wambiri. Ku Texas, gulu la The 13th Floor Elevators lidali ndi munthu yemwe ntchito yake idali kuliza mtsuko ndi pakamwa pafupi ndi maikolofoni, ndipo chimbale chawo cha 1966 n'chimodzi mwa zoyambirira kulembedwa pachikuto mawu oti psychedelic, dzina la nyimbo zomveka ngati uli m'maloto. Mtsuko, Akonzi. Ife amene tidakula tikuona anyamata akupanga banjo ya chigubu cha mafuta ndi babatoni wa chingwe chimodzi sitiyenera kuphunzitsidwa kuti nyimbo yokoma siyembekezera zida zodula.

Ine mbalezi sindidaziwerenge m'buku. Amalume anga adabwera nazo kuchokera ku Kitwe pamodzi ndi gumbagumba, atazikulunga m'bulangete pakati pa sutikesi. Tinkazigwira m'mphepete mokha, zala zisakhudze mizere. Tisanaike mbale tinkaipukuta ndi kansalu kofewa mozungulira, n'kuuzira singano kuti fumbi lichoke. Singano ikayamba kudumpha, amalume ankaika kandalama kachitsulo pamwamba pa mkono wake kuti ilemere. Mbale zing'onozing'ono zinkazungulira pa liwiro la 45, zikuluzikulu pa 33, ndipo ukaiwala kusintha, mwamuna wamkulu ankalira ngati mwana wa mbuzi, ife n'kumagubuduka ndi phwete. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa, koma mbale ayi. Tsiku lina mlongo wanga adaiwala mbale ya Jimi Hendrix pawindo masana onse, idapindika ngati chipande, ndipo amalume sadamulankhule sabata yathunthu. Usiku tinkasakasaka LM Radio ya ku Lourenço Marques, mawu akubwera ndi kupita ngati mafunde a ku Mangochi, koma palibe adaganizapo zozimitsa.

Kusiyana kwa mbale yokalika ndi gitala yosasa timakudziwa bwino. Mbale yokalika imati thethethe pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse ikazungulira. Gitala yosasa imatsatira chala cha woimba. Munthu wolipidwa kuti aziulutsa nyimbo zakale akalephera kusiyanitsa ziwirizi, ndiye adamulemba ntchito poona chiyani? Nsapato?

Nthawi ya Kamuzu tidavutika nazo nyimbozi. Lamulo la 1973 lidaletsa amuna tsitsi lalitali, alendo ena ankametedwa pabwalo la ndege, ndipo nyimbo ija ya Simon ndi Garfunkel yotchula dzina la Cecilia inkangomveka chamseri, chitseko chili chotseka. Koma oletsa a nthawi imeneyo ankadziwa chomwe akuletsa. Lero palibe lamulo lotiletsa, watiletsa ndi mwana yemwe sadafunse.

Ndipo asatiuze kuti izi ndi za azungu, sizitikhudza. Angowoloka pa Mchinji akafunse. Anyamata a ku Zambia adamva Hendrix ndi The Rolling Stones, n'kutenga kusasa komweko kukuphatikiza ndi ng'oma zakwathu, m'zaka za m'ma 1970 n'kubadwa Zamrock. Kudali WITCH, kudali Amanaz, kudali Paul Ngozi ndi Ngozi Family, ena akuimba m'Chinyanja chomwe tikulankhulachi. Mtsogoleri wa WITCH, Emmanuel Chanda, dzina lake loti Jagari lidachokera kwa Mick Jagger, woimba wa The Rolling Stones. Mbale zimenezo zidaiwalika, mpaka kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles idazisakasaka n'kuzitulutsanso, ndipo Jagari, atakalamba kale, adayambanso kuimba ku Ulaya ndi ku America, mu 2023 n'kutulutsa chimbale chatsopano. Azungu akulipira ndalama zambiri kuti amve gitala yosasa ya m'bale wathu wa ku Copperbelt, ife kuno tikuipepesa.

Mwezi wathawu ndidalowa pa malo ena omwera m'tauni muno kukabisala mvula. Khoma lonse adakhomapo mbale ndi misomali ya mainchesi anayi, akuti kukongoletsa. Ndidavala magalasi n'kuyandikira. Pakati pa zina padali ya The Doors, msomali utalowa pa nyimbo yachiwiri. Nditafunsa komwe adazitenga, mnyamata wogulitsa adati adagula thumba lonse kwa munthu wina yemwe ankasesa m'nyumba ya malemu bambo ake. Mwina m'thumba momwemo mudali mbale za a Kachamba ndi oimba athu ena zomwe sizipezekanso kwina kulikonse. Sindidathe kumaliza fanta wanga. Ndiye ndikufunsa akuluakulu a unduna woona za chikhalidwe, ndi mabwana a mawailesi onse: mbale zomwe zidadzaza mashelefu m'nyumba zoulutsira mawu zili kuti? Alipo adaziwerenga? Kapena nazonso zikudikira misomali?

Pempho langa n'losavuta. Akuluakulu a wailesiyo amukhazike pansi mnyamatayu, asamuchotse ntchito, mawu ali nawo abwino. Amupezere mdala mmodzi wodziwa mbale azikhala naye mu situdiyo, tilipo ambiri ndipo sitifuna malipiro, tiyi yekha ndi thiransipoti. Amene muli ndi mbale za makolo musazitaye, kafunseni ku National Archives ku Zomba kapena muzijambulitse pakompyuta zisanapindike. Ndipo Lamlungu likubwerali nyimbo ija aiike kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kawiri, pakamwa pake pali potseka.

Wokonda mbale zakale,
Zomba