Kalata kwa makasitomala athu: tasiya kuwalitsa mipeni yakale

Okondedwa amayi ndi abambo amene mumatigula,

Landirani moni kuchokera kuno ku Sheffield. Takulemberani kuti nkhaniyi muimve kwa ife eni ake musanadabwe ndi zithunzi za katundu watsopano. Kuyambira pa 1 mwezi wamawa sitidzakwechanso kapena kuwalitsa pa makina mpeni wakale uliwonse tisanaugulitse. Uzifika kwa inu ndi nkhope imene tinaupeza nayo. Ngati chitsulo chinatuwa, chibwera chotuwa. Madontho akuda akhalapo, ndipo fupa la chigwiriro likhala ndi mtundu umene manja a eni ake akale analisiyira. Ambiri munazolowera kumasula phukusi n'kupeza mpeni ukung'anima ngati watuluka m'fakitale dzulo. Zimenezo zatha, ndipo muyenera kudziwa chimene chatichititsa.

Miyezi ingapo yapitayo kunabwera abambo ena achikulire ochokera ku Leicester, amene akhala akutigula kuyambira nthawi imene tinkagulitsira patebulo limodzi kumsika wa zinthu zakale. Anakwera sitima ndi mpeni umodzi wokha m'thumba la jekete, wokulungidwa m'kampango. Unali wa kampani ya George Wostenholm ya muno mu Sheffield, wa chizindikiro chija cha I*XL, wa zitsulo ziwiri, chigwiriro chake cha fupa logoba lofiirira ngati uchi. Ndine ndinawagulitsa, ndipo ndinawauza kuti mwina unapangidwa chisanafike chaka cha 1891, chifukwa patsinde pa chitsulo panali mawu akuti SHEFFIELD okha, popanda ENGLAND. Osonkhanitsa mipeni amayang'ana mawu amenewa chifukwa mu 1890 dziko la America linakhazikitsa lamulo la msonkho lodziwika ndi dzina la McKinley, ndipo kuyambira 1891 katundu wolowa kumeneko ankayenera kulembedwa dziko limene wachokera. Kampani ya Wostenholm inkagulitsa mipeni yake yambiri ku America, choncho chidindo chimathandiza kuyerekeza zaka.

Abambowo sanakalipe. Anayala kampango patebulo, n'kutulutsa kagalasi kokulitsa zinthu, n'kunena kuti, "Mwana wanga, tapendekeza mpeniwu kuwindo, uyang'ane pansi pa dzina." Ndinayang'ana. Pansi pa SHEFFIELD, pamene ine ndinkaona chitsulo chosalala, panali timithunzi ta zilembo ziwiri, N ndi D. Zina zonse zinapita. Ndinakumbukira kuti mpeniwu unabwera ndi dzimbiri pamalo omwewo, ndipo ndinaupititsa pa sandipepa kenako pa gudumu lopukutira mpaka dzimbiri linatha. Linatha pamodzi ndi mawu amene akanatiuza zaka zake zenizeni. Ndinafafaniza umboni ndi manja anga, kenako n'kugulitsa mpeniwo ndi mbiri yolakwika komanso mtengo wokwera. Ndalama tinawabwezera tsiku lomwelo, koma usiku umenewo sindinagone bwino, chifukwa ndinadziwa kuti si mpeni umodzi wokha umene unadutsa pa gudumu lija.

Ndionjezere apa kuti ngakhale mawu a ENGLAND akanakhala kuti sanalembedwepo n'komwe, sindinayenere kufulumira choncho. Mipeni yogulitsidwa kuno ku Britain komwe sinkakakamizidwa kukhala ndi mawuwo, ndiye kusowa kwake pakokha sikutsimikizira kanthu.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi fupa. Amene mwangoyamba kumene kusonkhanitsa, mundilole ndifotokoze pang'ono. Zigwiriro zimenezi amazipanga kuchokera ku fupa la msongolo wa ng'ombe, chifukwa ndi lokhuthala ndi lolimba. Kampani ya Case ya ku Bradford, m'chigawo cha Pennsylvania, imagwiritsa ntchito mafupa a ng'ombe za mtundu wa Zebu zochokera ku Brazil, abale ake a ng'ombe zathu za linunda zija timaziona kudambo kumudzi. Fupalo amalicheka timapale, n'kuligoba timaenje ndi timizere pamwamba, n'kulinyika mu utoto. Poyamba ankatero pofuna kuti lifanane ndi nyanga za agwape, zimene zinali zodula, komanso kuti mpeni usaterereke m'dzanja lonyowa. Utoto umakhazikika kwambiri m'timaenjemo, pamwamba pake n'kukhala powala, ndipo kusiyana kumeneko ndiko kukongola kwake.

Fakitale iliyonse inali ndi kagobedwe kake, ngati mmene munthu aliyense alili ndi kalembedwe kake. Odziwa amatha kuona chigwiriro chokha n'kukuuzani kuti ili ndi fupa la Rogers, kapena la Winterbottom lija la mizere italiitali limene limaoneka kwambiri pa mipeni ya Queen. Amathanso kuzindikira fupa lobiriwirako la mipeni ya Case yolembedwa kuti Tested XX, ya pakati pa 1920 ndi 1940. Gudumu lopukutira silidziwa zimenezi. M'mphindi ziwiri limadya nsonga za timizere, kutentha kwake n'kuyeretsa utoto, ndipo chimene chimatsala ndi fupa losalala paliponse mofanana, lopanda chilichonse chokuuzani.

Wina anganene kuti thumba nalonso limadya fupa. N'zoona, koma limadya mwa mtundu wina. Kumbukirani mpini wa khasu la agogo: sunkasalala ponseponse, unkasalala pamene dzanja limagwira, mpaka munkatha kudziwa ngati mwini wake anali wamanzere. Chimodzimodzi mpeni. Ndili nawo wina pano patebulo pamene ndikulemba, wa Joseph Rodgers & Sons, wa nyenyezi ndi mtanda. Mbali imodzi timaenje tonse tilipo, takuya bwinobwino. Mbali inayo, pafupi ndi pamene chitsulo chimapindikira, pali malo aakulu ngati chala chachikulu pamene fupa lasalala n'kusanduka lachikasu. Munthu wina anaikapo chala chake kwa zaka zambiri, mwina posenda zipatso, mwina posongola pensulo. Chaka chatha ndikanaupititsa pa gudumu kuti mbali zonse zifanane. Lero ndikaganiza zimenezo mtima umandiwawa.

Tinkawalitsa chifukwa mpeni wong'anima umayenda msanga, makamaka pa chithunzi cha pafoni. Sindibisa. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpeni wowalitsidwa umabisa zambiri: chitsulo chimene chinafupikitsidwa nsonga itathyoka, chigwiriro chimene wina anasintha, chidindo chimene wina anadindanso. Mipeni ya Remington ija ya chizindikiro cha chipolopolo, yopangidwa pakati pa 1920 ndi 1940, ndi imodzi mwa imene anthu achinyengo amakonda kupeka, ndipo chimene chimawathandiza ndi chizolowezi cha ogula chokhulupirira kung'anima. Ife tinkadyetsa chizolowezi chimenecho. Tsiku limene mudzafune kugulitsa mpeni wanu kwa wosonkhanitsa wodziwa, funso lake loyamba lidzakhala lakuti unakwechedwa kapena ayi, ndipo wokwechedwa amaugwetsa mtengo.

Sikuti tizingotola mpeni n'kuuponya mu envelopu. Tizichotsa litsiro ndi ulusi wa m'thumba m'kati ndi kamtengo kofewa. Dzimbiri lofiira, limene likadali kudya chitsulo, tiziliziziritsa ndi mafuta n'kulichotsa pang'onopang'ono ndi dzanja. Tizidontheza mafuta pamene chitsulo chimapindikira, kuti mukautseka muzimva sipuling'i ikuti thwa. Kutuwa kwa chitsulo sitikukhudza. Mipeni yambiri yakaleyi ndi ya chitsulo chimene chimada mwachibadwa, popeza chitsulo chosachita dzimbiri anachitulukira Harry Brearley muno mu Sheffield mu 1913, ndipo panapita nthawi kuti chifalikire pa mipeni ya m'thumba. Kutuwako si matenda. Sitizinolanso mpeni pokhapokha mutatipempha, ndipo ngati ndi wakale kwambiri tidzayamba takulangizani kuti muusiye.

Mpeni uliwonse uzibwera ndi kakhadi kolembedwa pamanja. Tizilembapo mawu onse a pachidindo monga mmene akuonekera, kutalika kwa mpeni utatsekedwa, kuchuluka kwa chitsulo chimene chinatha ndi kunola, ming'alu ya fupa makamaka pozungulira timisomali, ndiponso ngati wina anaukonzapo kale. Pa zaka tizilemba chimene chidindo chikutiloleza basi. Kwa Case ntchitoyi ndi yosavuta: XX yokha ndi 1940 mpaka 1964, U.S.A. ikaonjezedwa ndi 1965 mpaka 1969, ndipo mu 1970 anaika madontho khumi pansi pa dzina n'kumachotsa limodzi chaka chilichonse. Apa mukuona nokha kuti dontho limodzi likazimiririka ndi sandipepa, chaka chasintha. Kwa mipeni ya muno mu Sheffield nthawi zambiri tizingolemba nyengo, osati chaka.

Pakhadipo tizilembanso ngati chigwiriro ndi fupa lenileni. Kuyambira cha m'ma 1960 mafakitale ambiri anayamba kugwiritsa ntchito pulasitiki yotchedwa Delrin, youmbidwa ndi timaenje tofanana ndi ta fupa. Pa mipeni ya Case, nambala yodindidwa pachitsulo yoyambira ndi 6 imaimira chigwiriro chogoba, koma sikutsimikizira kuti ndi fupa, chifukwa ya pulasitiki yogoba inkalandiranso 6 yemweyo. Mu nambala ngati 6254, 2 ndi kuchuluka kwa zitsulo, 54 ndi kaumbidwe ka mpeniwo. Fupa lenileni mukaliyang'ana pa galasi limakhala ndi timabowo ndi timizere takuda tating'onoting'ono mmene munkadutsa mitsempha, ndipo mbali ziwiri za chigwiriro sizifanana ndendende. Chonde musayese ndi singano yamoto monga ena amachitira. Ikapezeka kuti ndi pulasitiki, mwaiboola kale.

Pali mitundu iwiri ya zigwiriro imene tasiyiratu kusunga. Woyamba ndi mnyanga wa njovu. Lamulo la Ivory Act la 2018, limene linayamba kugwira ntchito pa 6 June 2022, limaletsa malonda a zinthu za mnyanga muno mu Britain, kupatula zochepa zimene zimafunika kulembetsa. Ife sitifuna n'kulembetsa komwe. Mafakitale a mzinda uno anadya minyanga yambirimbiri ya njovu za ku Africa pa zigwiriro za mipeni, ndipo kwa ife obadwira kumene njovuzo zimakhala, kupezerapo phindu sikutikhalira bwino mumtima. Wachiwiri ndi seluloidi, pulasitiki yakale ija ya mitundu yokongola. Ikayamba kuola imatulutsa mpweya umene umachititsa dzimbiri mpeni wake womwe ndi yonse yoyandikana nayo. Ngati muli nawo wotere kunyumba, uchotseni m'bokosi la anzake lero lomwe, ukhale pawokha pamalo opita mphepo.

Za mitengo, ina itsika ina ikwera. Mipeni wamba imene tinkaiwonjezera mtengo chifukwa cha maola opukuta itsika. Imene ili ndi chidindo chowerengeka bwino ndi fupa losakhudzidwa ikwera, chifukwa ifenso tiziigula modula. Katundu watsopano azichedwerapo kutuluka, popeza mpeni uliwonse tiziujambula pa kuwala kwa dzuwa, mbali zonse ziwiri, msana ndi chidindo. Polandira phukusi pazifunika munthu wa zaka 18 kapena kuposera apo, woonetsa chiphaso, ngakhale mpeni utakhala waung'ono bwanji.

Ena mwafunsapo za Okapi, mpeni umene ambiri tinakula tikuuona ndi amalume obwera ku Joni. Unayambira ku Solingen ku Germany mu 1902, ndipo kupanga kwake kunasamukira ku South Africa mu 1988. Chigwiriro chake ndi cha mtengo, osati fupa, koma akale olembedwa Germany tiziwasamala mofananamo, osawakwecha. Ingokumbukirani kuti Okapi wa mphete amakhoma akatsegulidwa, ndipo lamulo la kuno limalola kuyenda popanda chifukwa chapadera ndi mpeni wopinda wosakhoma wokha, umene kuthwa kwake sikupitirira mainchi 3, kapena masentimita 7.62. Amene mumagula kuti mukapatse abambo kapena apongozi kumudzi, muziulongedza m'sutikesi yaikulu, osati m'chikwama cha m'manja.

Tsopano kwa inu amene munatigula kale. Tabwerera m'mabuku athu ndipo tikulemba mndandanda wa mipeni yonse imene tikukumbukira kuti inadutsa pa gudumu. Aliyense amene mpeni wake uli pamndandandawo alandira uthenga wakewake mwezi uno usanathe. Mukafuna kuubweza, tikubwezerani ndalama zonse zimene munalipira pamodzi ndi za positi, posatengera kuti papita nthawi yaitali bwanji. Mukafuna kuusunga, titumizireni zithunzi kapena mubwere nawo, tiuyang'anenso pa galasi ndi kukulemberani khadi loona, ndipo ngati tinakulipiritsani mopitirira tikubwezerani kusiyanako. Ngati simulandira uthenga koma mukukayika, tifunseni ndithu, musachite manyazi. Loweruka lililonse m'mawa ndizikhala pashopu ndi galasi ndi nyale, kudikira aliyense wofuna kuti tiuonere limodzi mpeni wake, ngakhale umene anagula kwina.

Abambo a ku Leicester aja mpeni wawo wa I*XL anautenganso, pa mtengo woyenera, ndi khadi lonena kuti unakwechedwa ndi ife ndipo unapangidwa 1891 itadutsa. Khadi limenelo ndi loyamba mwa makhadi atsopanowa.

Zikomo kwambiri chifukwa chotikhulupirira zaka zonsezi.

Ine wanu,
Mwini shopu, m'malo mwa banja lonse