Disiki munati yapsa ija ndi yamoyo, ndibwezereni laputopu yanga

Akuluakulu a kampani imene munandigulitsa laputopu, ndikulemba pano pagulu chifukwa kumbali ndayesa ndatopa. Foni ndaimba, mauthenga ndatumiza, kuofesi kwanu ndapondako kanayi. Yankho ndi lomwelomwelo, akuti amisiri akuionabe. Lero akwana masabata atatu.

Laputopuyi ndinagula kwa inu miyezi isanu ndi itatu yapitayo, ndi walanti ya chaka chimodzi, ndipo lisiti ndili nalo. Mwezi watha mabatani angapo a kiyibodi anasiya kugwira ntchito. Ndinabwera nayo, munasintha kiyibodi, ndinathokoza n'kumapita. Inagwira bwino masiku anayi. Tsiku lachisanu m'mawa nditaitulutsa m'chikwama n'kuiyatsa, Windows sinabwere. Panangooneka sikirini yakuda ndi mawu oyera akuti "No bootable device". Kuzimitsa n'kuyatsanso, chimodzimodzi. Sinagwe, sinanyowe, ndipo usiku wa dzulo lake ndinaizimitsa bwinobwino monga mwa masiku onse.

Ine si mmisiri wa makompyuta. Ndimalemba mabuku a ndalama a anthu a mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo zonse za makasitomala anga zinali m'menemo. Komabe zaka zimene ndakhala ndi kompyuta zandiphunzitsa kuti uthenga umenewu sutanthauza kuti disiki, mosungira Windows ndi mafayilo onse, yafa. Umangonena kuti kompyuta poyaka yafunafuna poyambira koma sinapapeze. Ndiye funso loyamba limakhala limodzi: kodi disikiyo ikuoneka mu BIOS, sikirini ya makonzedwe a kompyuta imene umaitsegula Windows isanayambe, kapena ayi? Kuyankha kwake sikutha ngakhale mphindi ziwiri. Pa yangayi umadina F2 ikamayaka, pa makompyuta ena ndi Del kapena F10. Dzina la disiki likaoneka pamenepo, ndiye kuti ilipo ndipo ikuyankha, vuto lili pa makonzedwe. Mwina kompyuta ikuyamba kufufuza pa fulashi imene waiwala kuzula. Mwina yachoka pa UEFI, njira yatsopano yoyakira, n'kupita pa Legacy, njira yakale, pamene Windows inaikidwa pa disiki yokonzedwa mwa mtundu wa GPT umene umafuna UEFI. Mwinanso mafayilo oyambitsira Windows, amene amakhala m'kachigawo kakang'ono kapadera pa disikiyo, aonongeka, ndipo amenewo amakonzeka popanda kufufuta chilichonse cha mwini wake. Koma dzina likasowa, nkhani yasintha. Pamenepo umayang'ana zogwirika ndi manja: disiki yeniyeniyo, polowera pake, kapena motherboard, bolodi lalikulu limene zonse zimalumikizidwapo.

Zimene ndikanatha ndinachita ndisanabwere kwa inu. Ndinazula chilichonse chimene chinali pa USB. Ndinaona tsiku ndi nthawi mu BIOS, chifukwa kabatire kakang'ono kosunga makonzedwe kakatha mphamvu tsiku limabwerera m'mbuyo ndipo makonzedwe amasokonekera. Tsiku linali lolondola. Inali pa UEFI monga kale. Koma pamalo polemba dzina la disiki panalibe kanthu, ndipo Windows Boot Manager inasowa pamndandanda. Mlamu wanga anandibwereka fulashi yokhala ndi Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows, laputopu inayaka nayo bwinobwino, sikirini, kiyibodi, intaneti, zonse zikugwira, koma disiki ya m'kati osaoneka. Apa ndinadziwa kuti pafunika kutsegula. Sindinatsegule, chifukwa pansi pake munamata sitika yanu yonena kuti ikang'ambika walanti yatha. Ndinalemekeza lamulo lanu.

Zonsezi ndinafotokozera achimwene amene anandilandira pakauntala. Sanalembe ngakhale chimodzi. Pafomu anangolemba kuti siikuyaka, zimene sizinali zoona n'komwe, chifukwa inkayaka.

Patapita masiku asanu ndi limodzi munandiimbira. Munati disiki yapsa, walanti sikhudza zimenezo, ndigule ina, mafayilo ndiwaiwale. Usiku umenewo sindinagone. Ndivomere pano kuti mbali ina ndinalakwa ndine, chifukwa panali patatha miyezi iwiri ndisanakopere ntchito yanga kwina. Miyezi iwiri ya mabuku a anthu amene amandikhulupirira, ndi zithunzi za ana anga zimene sindinasunge pena paliponse. Ndinali nditayamba kale kuganiza mmene ndikawauzire makasitomala.

M'mawa mwake ndinabwera kudzafunsa kuti mwadziwa bwanji kuti yapsa. Kodi munaiyesa pa kompyuta ina? Palibe anayankha molunjika. Ndinati basi, ndipatseni disiki yakufayo ndipite nayo. Poyamba munakana, amvekere zotsala zimakhala za kampani. Nditaumirira, mmisiri anabweretsa laputopu n'kuitembenuza patebulo pamaso panga. Apa ndi pamene mtima unandipweteka zedi. Sitika ija inali yosang'ambika, ili mmene munaimatira tsiku losintha kiyibodi. Masiku asanu ndi limodzi laputopu ili m'manja mwanu, simunaitsegule, koma munali mutalengeza kale kuti disiki yapsa.

Atachotsa chivindikiro tonse tinaona. Disiki ya laputopu imeneyi ndi SSD ya M.2, kabolodi kopyapyala kotalika mamilimita 80, m'lifupi 22. Mbali imodzi imalowa mopendekera polowera pake, mbali inayo imatsitsidwa n'kumangidwa ndi kasikuluwu kamodzi kokha. Kasikuluwuko kakasowa, disiki imadzuka yokha kumapetoko. Yangayo inali itadzuka, itasololoka pang'ono moti mano ake agolide amaoneka kunja. Kabowo ka kasikuluwu kanali pululu. Mmisiri wanu yemweyo ndi amene anandiuza tsiku loyamba lija kuti kiyibodi ya laputopu imeneyi imasinthidwa kuchokera pansi, zam'kati zonse zitatuluka. Ndiye amene anamasula disikiyo ndani, ndipo amene anaiwala kuimanga ndani? Chivindikiro chinaipanikiza masiku anayi, kugwedezeka kwa m'chikwama kunamaliza zotsalazo.

Ndinapita nayo disikiyo kunyumba. Mlamu wanga ali ndi kabokosi kolowetsamo SSD yotere n'kuilumikiza pa USB. Titangoilumikiza pa kompyuta yake, inaoneka nthawi yomweyo. Inafunsa kiyi ya manambala 48 ya BitLocker, loko wa Windows wotsekera mafayilo, chifukwa inali yotsekedwa. Ndinaipeza mu akaunti yanga ya Microsoft, kuilemba manja akunjenjemera, ndipo mafayilo onse anatseguka, mpaka lipoti limene ndinalisiya pakati usiku womaliza uja. Tinakopera zonse malo awiri. Tinaonanso SMART, zimene disiki imalemba yokha zokhudza thanzi lake, ndipo sipanaoneke chenjezo lililonse. Imeneyi ndiyo disiki munati yapsa, imene munkafuna itsale kwanu ine ndikulipira ina.

Taganizani munthu wina amene sadziwa F2, amene alibe mlamu wa kabokosi. Akanalipira, akanataya ntchito yake yonse, n'kukuthokozani potuluka. Ndipo disiki yake yamoyo, yodzaza ndi zinsinsi zake, ikanatsala m'dirowa mwanu.

Tsiku lotsatira ndinabwerera ndi disikiyo, ndili ndi chiyembekezo kuti nkhani yatha. Mmisiri anailowetsa, kuipanikiza ndi chala, n'kuyatsa. Dzina lake linaoneka mu BIOS. Anachotsa chala, kuyatsanso, linasowa. Anaimanga ndi kasikuluwu kobwereka pa laputopu ina, ndipo ulendo woyamba inaoneka, wachiwiri ayi. Maganizo anga ndi akuti polowera pake panaonongeka ndi kugwedera kwa masiku aja, koma kutsimikiza zimenezo ndi ntchito yanu, ndipo n'kosavuta. Muli ndi ma SSD ena pamenepo. Ikanimo imodzi imene mukudziwa kuti ndi yabwino, muyatse kangapo. Nayonso ikamasowa, mwadziwa kuti vuto lili pa motherboard. M'malo mochita zimenezo, munandiuza kuti poti disiki inatuluka m'manja mwanu usiku umodzi, walanti mwina yatha. Anamasula ndi mmisiri wanu, paofesi panu, pamaso pa anzake awiri. Sitika anang'amba ndi iyeyo. Ine ndinangonyamula katundu wanga amene inu munati ndi wakufa.

Kuchokera tsiku limenelo patha masabata awiri. Ndikugwira ntchito pa kompyuta yobwereka, usiku, mwini wake akamaliza zake. Makasitomala awiri ndawapempha kale kuti andipirire.

Chimene ndikufuna kwa inu sichachilendo. Yesani polowera disiki ndi SSD yanu, ndipo mundipatse zimene mwapeza zolembedwa papepala, ndi dzina la amene wayesa, osati mawu a pafoni amene mawa asintha. Ngati motherboard yaonongeka, muisinthe pa walanti, chifukwa inaonongekera pa ntchito yanu. Ndipo ndikuuziretuni: mukasintha motherboard, BitLocker idzafunsanso kiyi ija poyaka koyamba. Chimenecho si chizindikiro choti disiki yaonongeka, ndipo pasapezeke wina wonena kuti tiyenera kufomata, kufufuta zonse za pa disiki. Kiyiyo ndili nayo, ndidzailemba ndekha. N'chifukwa chake disikiyo sindikusiyirani. Tsiku loiika ndidzakhalapo, ndione ndi maso anga kasikuluwu kakumangidwa.

Ndikupemphanso a manijala kuti andiyankhe okha funso limodzi limene aliyense pakauntala akulizemba: zinatheka bwanji kuti kasitomala auzidwe kuti disiki yapsa, laputopu yake isanatsegulidwe? Kulakwitsa kwa kasikuluwu ndikanakhululuka tsiku lomwelo, manja amaiwala. Koma kundiuza chinthu chimene simunachione, n'kundipempha ndalama pamwamba pake, chimenecho ndiye chandibweretsa pano.

Musandiuzenso kuti nditumize uthenga kumbali, mauthengawo muli nawo kale ndipo akuonetsa kuti munawerenga. Nambala ya fomu yanga ili pa uthenga woyamba. Lachisanu m'mawa ndibwera ndi lisiti, pepala la walanti, ndi disiki ija m'thumba.