Chilengezo kwa amayi a gulu lathu: za mlendo wathu m'dzinja lino

Amayi ndi achemwali nonse, Loweruka likubwerali tikumana 9 koloko m'mawa patchalitchi. Mvula ikavumba, tilowa m'kalasi.

Nkhani ndi ya mtsikana wa ku Ulaya uja amene adadzipereka kudzathandiza kusukulu ya mkombaphala. Adafika mu Okutobala kuli ng'amba, akumadandaula za fumbi. Pano fumbilo akulilakalaka! Njinga yake yatitimira kawiri padambo, ndipo masiku ano amapita kusukulu wapansi nsapato zili m'manja, chifukwa akabaza safika kuno matope akachuluka. Zovala sizikuuma, nkhuni n'zonyowa, ndipo kukachita mitambo masiku awiri sola yake imalephera kutchaja foni. Koma nsima ya bowa ndi chibwabwa akudya ngati mwana wa pakhomo pano, zimenezo musade nazo nkhawa.

Chimene chikundivutitsa ine ndi udzudzu. Neti yake yang'ambika, ndipo malungo mwezi wa Januwale mukuwadziwa. Amene akupita kumsika wa Kapata ku Chipata sabata ino andiuze, timugulire ina. Denga la khitchini yake likudonthanso, tiwapemphe azibambo akwerepo.

Akufunanso kukaonera mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale. Tikufuna amayi awiri omuperekeza, ndipo chitenje chake tisonkherane Loweruka lomwelo.