Kalata ya ku Antwerp: Tiyambe Kukonza za Ulendo wa ku Boom

Antwerp, Belgium
Novembala

Aise,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti kwayamba kuzizira ndipo kukumada 5 koloko isanakwane. Pa WhatsApp nkhani timangozidumphadumpha, lero za mpira mawa za maliro, ndiye iyi ndati ndiikhalire pansi, ndiilembe yonse malo amodzi kuti uziyang'anamo. Ndikufuna Julayi akubwerayu tikakhale limodzi ku Tomorrowland, chikondwerero chachikulu cha nyimbo za ma DJ chomwe chimachitika kuno ku Belgium. Ndikunenetsa ndithu, ndipo ngati nawenso mtima ulipo, zokonzekera ziyambe mwezi uno, chifukwa wodikira mpaka Epulo amapeza zitseko zonse zatsekedwa.

Malo ake amatchedwa Boom, katauni kakang'ono m'mphepete mwa mtsinje wa Rupel, pakati pa Antwerp ndi Brussels. Kuchokera kwanga kuno ndi makilomita osafika 20. Kale kumeneko kunkatchuka ndi kuumba njerwa, ndipo paki ya De Schorre yomwe chikondwererochi chimachitikira ndi pomwe ankakumba dongo. N'chifukwa chake malowo ndi zigwa, timapiri ndi timadziwe. Siteji yaikulu amaimanga pansi m'chigwa, ndiye ukaima pamtunda umaona khamu lonse kunsi kwako likuwinduka pamodzi. Anayambitsa ndi anyamata awiri apachibale, Manu ndi Michiel Beers, mu 2005, ndipo nthawi imeneyo chinali cha tsiku limodzi lokha. Pano chimatenga mawikendi awiri omaliza a Julayi, Lachisanu mpaka Lamulungu, ndipo onse pamodzi amafika anthu ngati 400,000. Mu 2020 ndi 2021 sichinachitike chifukwa cha Covid, moti mu 2022 anachita kuwonjezera wikendi yachitatu.

Ndiyambe ndi matikiti, poti apa ndi pomwe ambiri amagwera. Sungangolowa pa intaneti n'kugula. Umayamba walembetsa dzina lako pa tsamba lawo, ndipo kulembetsaku kumatsegulidwa chakumapeto kwa chaka. Kugulitsa kwenikweni kumachitika m'Januwale mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale, mwa magawo: pali tsiku la mapakeji a Global Journey omwe amaphatikiza ulendo, malo ogona ndi tikiti, pali tsiku la ife okhala muno mu Belgium, kenako la dziko lonse. Ola likakwana kompyuta imakuika pa mzere, ndipo zimakhala ngati thanki yamafuta yangofika pa filling station itasowa sabata yonse: aliyense ali pompo, ofika kutsogolo ndi ochepa, ndipo posakhalitsa akuti zatha. Choncho ine ndilembetsa, iwenso ulembetse ndi imelo yako, tikhale ndi mwayi kuwiri. Dzina ulembe ndendende mmene lilili mu pasipoti. Tikiti imakhala ya dzina la munthu, ndipo pageti amatha kufananitsa ndi chiphaso. Anthu ogulitsa pa Facebook usawamvere ngakhale atatsitsa mtengo bwanji. Chaka chilichonse pamakhala ena oima pageti akulira, atalipira ndalama zambiri pa chinthu chabodza.

Tikiti ya masiku onse atatu, yomwe amati Full Madness Pass, imadutsa mayuro 300, ndipo ukawonjezera malo ogona imakwera ndithu. Ndikudziwa mmene ndalama zakunja zikusowera kumudziko, ndipo sindikufuna kuti pa mphindi yolipirayo khadi lako likanidwe mzere utatifikira. Ndiye tichite chonchi: ndilipira ine kuno ndi khadi langa, iwe uzipereka makwacha kwa mayi pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, m'malo mwa zomwe ndimawatumizira. Mtengo wosinthira tidzagwirizana patsiku logulalo, tilembe, pasadzakhale kung'ung'udza pambuyo. Ubwenzi wathu ndi wakale kwambiri moti sindikufuna nkhani ya ndalama ikhale yongoganizirana.

Tikiti ikapezeka, pamabwera viza, ndipo mbali iyi ndi yako. Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen, yolowera ku Belgium ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya. Amalola kupempha kuyambira miyezi 6 ulendo usanafike, ndiye ine ndikuti upemphe mu Malichi kapena Epulo. Yankho nthawi zambiri limatenga masiku 15 koma limatha kufika 45, ndipo kukayandikira chilimwe cha kuno opempha amachuluka. Malipiro ake ndi mayuro 90, ndipo akakukana sabweza. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri opanda kanthu, komanso ikhale yogwirabe ntchito miyezi 3 kupitirira tsiku lomwe udzatuluke kuno. Kaiyang'ane lero lomwe, chifukwa ngati ikufunika yatsopano ndi ulendo winanso. Pakufunikanso inshuwaransi ya zachipatala yofika mayuro 30,000.

Chomwe amayang'anitsitsa kwambiri ndi umboni woti udzabwerera. Kalata ya kuntchito yonena kuti wapatsidwa tchuthi kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, masilipi a malipiro, sitetimenti ya kubanki ya miyezi ingapo, chikalata cha ukwati, za ana, za nyumba. Pa sitetimenti ndikupemphe chinthu chimodzi: usabwereke ndalama zambiri n'kuziponya mu akaunti sabata imodzi usanapite. Amaziona, ndipo zimawononga pempho lomwe likanadutsa bwinobwino. Akaunti ingooneka mmene imakhalira. Ine kuno ndipita ku khonsolo kukasainitsa fomu yomwe amati Annex 3bis, yolonjeza kuti ndidzakusamala nthawi yonse uli kuno, ndipo ndidzakutumizira pamodzi ndi kalata yokuitana ndi umboni wa tikiti. Akakakufunsa, unene zoona zokhazokha: ukupita ku chikondwerero cha nyimbo, ukagona kwa mnzako, ubwerera tsiku lakuti.

Ndege usagule viza isanatuluke. Ungosungitsa malo, pepala lakelo ndi lomwe upereke. Njira yowongoka ndi ya Ethiopian Airlines, kuchoka pa Kamuzu International Airport kudzera ku Addis Ababa mpaka Brussels. Ufike Lachiwiri kapena Lachitatu, thupi lipume. Ndidzakuchingamira pa bwalo la ndege, sitima ya ku Antwerp imanyamukira pansi pa bwalo lomwelo.

Tsopano pogona. Ukhoza kunena kuti nyumba ilipo, tizibwerera usiku uliwonse. N'zotheka, koma ine ndikuti tigone ku DreamVille, msasa wa matenti womwe uli pafupi ndi paki. Nyimbo zimatha 1 koloko usiku Lachisanu ndi Loweruka, 12 koloko Lamulungu, ndipo kulimbirana mabasi nthawi imeneyo miyendo itatopa kumachotsa kukoma konse kwa tsikulo. Ku msasa amatsegula Lachinayi, ndipo tsiku lomwelo kumakhala phwando la ogona komweko okha lotchedwa The Gathering. Timatuluka Lolemba. Gawo lotsika mtengo ndi Magnificent Greens, komwe umabwera ndi tenti yako. Tenti, matiresi opopa ndi zofunda ndipeza ine, usanyamule. M'mawa kumeneko n'kosangalatsa mwa njira yake. Dzuwa likangomenya tenti mumatentha moti sungagonenso, umatuluka n'kupeza mzere wa kubafa watalika, wina wavala mbendera ya Mexico ngati chitenje, wina akutsuka mano atavala magalasi adzuwa, oyandikana nawo akukupatsa khofi m'kapu yapepala musanadziwane n'komwe mayina.

Mbendera ubweretse, yaikulu. Anthu amanyamula za kwawo n'kumazikweza kutsogolo kwa siteji. Ine ndinaona za South Africa, za Kenya, za Nigeria, koma ya kwathu ndinaiyang'ana tsiku lonse osaipeza, ndipo zinandikhudza kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinakumbukira mmene tinkavinira pamchenga ku Lake of Stars mpaka kum'mawa kutayera, ndipo ndinalakalaka pakanakhala munthu pambali panga woti ndimugwire paphewa n'kumuuza m'Chichewa kuti tamvera beziyo. Anzanga a kuno ndi anthu abwino, koma sanakhalepo nane m'minibasi ya ku Mangochi.

Mkatimo muli masiteji pafupifupi 15, ndipo pano ndikuuze maganizo anga. Siteji yaikulu tidzaione, makamaka usiku womaliza pamene amaphulitsa zamoto kumwamba, koma tisadzakhalepo tsiku lonse. Zokoma zenizeni zili ku ting'onoting'ono. Pali kena kotchedwa Rave Cave, kamphanga ka njerwa kolowa anthu ochepa chabe, kotentha, thukuta lokhalokha, DJ ali pafupi moti ungamugwire dzanja. Pali CORE, ya pakati pa mitengo, komwe kumakhala house yodekha, ndipo ndikudziwa kuti iwe wokonda za Black Coffee sudzafuna kuchokako. Iyeyo waimbapo ku chikondwererochi, ndipo Afro house yayamba kumveka kwambiri kuno zaka zimenezi. Ine ndidzakukokera ku Atmosphere, chitenti chachikulu cha techno, ukamve zomwe a Belgium amanyadira. Charlotte de Witte, DJ wa techno wa konkuno, ndi amene mu 2022 anakhala mkazi woyamba kutseka siteji yaikulu. Mndandanda wa oimba ukatuluka tisankhe atatu kapena anayi patsiku oti tisawaphonye, nthawi yotsalayo tizingoyenda. M'nkhalango ya pakiyo mulinso zimphona zisanu ndi ziwiri zamatabwa zomwe anapanga Thomas Dambo wa ku Denmark, zoti ukajambulitse ana aone.

Mwina unaona za moto wa mu 2025. Lachitatu pa 16 Julayi, kutatsala masiku awiri kuti atsegule, siteji yaikulu yonse inapsa. Palibe anavulala. Tonse kuno tinkati basi zalephereka, koma anagwira ntchito usana ndi usiku n'kuimika ina yaing'ono, yopanda zokongoletsa zija, ndipo Lachisanu anthu analowa n'kuvina. Ndikukuuza izi chifukwa ndikudziwa alamu adzafunsa ngati n'kotetezeka. Uwauze kuti ngoziyo inachitika malo asanatsegulidwe, ndipo apolisi, ozimitsa moto ndi achipatala amakhala pamalopo nthawi yonse.

Ndalama zamanja sizigwira ntchito mkatimo. Tikiti yeniyeni ndi chibangili chomwe amatumiza pa positi m'kabokosi kokongoletsedwa, ndipo zathu zidzafikira kwanga kuno. M'chibangilimo ndi momwe umaikamo ndalama, zomwe amazitcha Pearls, ukagula chakudya amangochigunditsa pa makina. Poti suona ndalama ikutuluka m'thumba, n'kosavuta kudya za masiku atatu tsiku limodzi, ndiye tidzaika malire a tsiku lililonse. Zakudya n'zodula, koma tchipisi cha ku Belgium cha mayonezi pamwamba udzachilawe basi.

Nyengo usaidalire. Udzachoka kumudzi kukuzizira, n'kupeza kuno dzuwa likulowa cha m'ma 9:30 usiku. Masana kumatha kutentha kudutsa madigiri 30, tsiku lotsatira mvula, ndipo paja nthaka yake ndi dongo. Walira mvula walira matope. Ubweretse nsapato zotseka zomwe phazi linazolowera kale, osati zatsopano, jekete yamvula yopepuka, juzi ya usiku, chipewa, ndi power bank. Zotseka m'makutu ndigula ine, ndipo udzavala ndithu, chifukwa masipika ake ukaima pafupi chifuwa chimachita kunjenjemera, ndipo khutu likawonongeka silibwerera. Madzi tizimwa pafupipafupi.

China ndinene mosabisa, ngakhale ndikukudziwa khalidwe lako. Mankhwala ozunguza bongo amayenda m'malo otere, ndipo apolisi amakhala pageti ndi agalu. Usalandire kanthu kwa munthu, usasungire munthu chikwama, usasiye chakumwa chako pansi. Mwana wa konkuno akagwidwa mwina amalipira chindapusa n'kupita kwawo, koma iwe ndi mlendo wa viza, ndipo dzina langa ndi lomwe lidzakhale pa fomu yokuitana. Mafoni nawonso amabedwa m'khamu, ndiye tidzasankhe malo amodzi okumanirana tikasochererana.

Upemphe tchuthi cha masabata awiri, usabwere ulendo wonsewu chifukwa cha masiku anayi okha. Pa 21 Julayi ndi tsiku la dziko la Belgium, ku Brussels kumakhala perete. Masiku omwewo ku Ghent kumakhala Gentse Feesten, masiku 10 a nyimbo m'misewu, zambiri zaulere. Ndikakutengeranso ku Matonge, dera la anthu a ku Congo ku Brussels, komwe ndimagula ufa ndi nsomba zouma. Komabe usipa ndi kambuzi wa kumudzi alibe mnzake, ndiye ufunse ku ndege zomwe amalola, zololedwazo undinyamulire.

Sabata ino uchite zitatu: uyang'ane pasipoti, ulankhule ndi alamu momasuka za ndalama zonse kuphatikizapo za ndege, ndipo uwauze abwana za tchuthi cha Julayi ena asanatenge masikuwo. Alamu akakana kapena bajeti ikavuta, undiuze msanga, sindidzakhumudwa, tidzasunthira chaka chinacho. Akavomera, unditumizire chithunzi cha tsamba loyamba la pasipoti, ndipo undiuze wikendi yomwe ikukuyenera, yoyamba kapena yachiwiri, kuti tsiku logula ndisadzakayike.

Upereke moni kwa alamu, ana, ndi anyamata onse a kumpira Loweruka. Ukadutsa kwa mayi uwauze kuti mankhwala a miyendo aja ndawapatsira munthu amene akubwera mu Disembala.

Ndine mnzako,
wa ku Antwerp