Mabanki asatikakamize kugwiritsa ntchito Windows

Mkonzi,

Mabanki a m'dziko muno akonze masamba awo a pa intaneti kuti azigwira ntchito pa Firefox ndi pa makompyuta a Linux, osati pa Windows ndi Chrome pokha. Firefox ndi Chrome ndi mapulogalamu otsegulira masamba a pa intaneti, pomwe Linux ndi Windows ndi mapulogalamu oyendetsa kompyuta.

Ndili ndi kagolosale ku Zomba ndipo laputopu yanga ndi yakaunjika. Microsoft itasiya kuteteza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, makina angawa anakana Windows 11 chifukwa ndi akale. Ndinaikamo Ubuntu, mtundu wa Linux womwe ndi waulere, ndipo akuyenda ngati atsopano. Vuto lili ku banki yanga. Ndikafuna kulipira ondigulitsa katundu ku Limbe, batani lotsimikizira malipiro silioneka pa Firefox. Nditaimba foni, anangondiuza kuti ndibwerere ku Windows. Ndibwerere bwanji ku pulogalamu yomwe eni ake anasiya kuitchinjiriza kwa akuba a pa intaneti? Kugula kompyuta yatsopano nakonso n'kovuta, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Linux si yachilendo kwa mabankiwa ayi. Android, yomwe imayendetsa mapulogalamu awo a pa foni, inamangidwa pa Linux yomweyo.

Ndikupempha Reserve Bank of Malawi ilamule banki iliyonse kuyesa tsamba lake pa Firefox, Chrome, Safari ndi Edge isanalitsegulire anthu. Nawonso oyankha mafoni a makasitomala aphunzitsidwe kulemba madandaulo otere ndi kuwapititsa kwa akatswiri awo kuti akonze.

Wabizinesi wodandaula,
Zomba