Lipoti la msonkhano wa mapulateleti kwa anzanga a kunkhokwe ya magazi

Anzanga, zikomo pondituma. Zokambirana zinali zambiri, koma ine ndikhazikika pa nkhani imene yakhala ikutisowetsa mtendere: wodwala amene timamuika mapulateleti (tizidutswa ta m'magazi tothandiza kuti magazi aundane) thumba ndi thumba, chiwerengero cha mapulateleti ake osakwera.

Otiphunzitsa anayamba ndi kutichenjeza kuti tisamathamangire kunena kuti thupi likuwakana. Kawirikawiri cholakwa chimakhala kutentha thupi, matenda olowa m'magazi, kutupa kapamba, kutaya magazi kapena mankhwala monga amphotericin B. Chosiyanitsa n'chapafupi: kuyeza magazi pakati pa mphindi 10 ndi ola limodzi thumba likatha. Chiwerengero chikakwera kenako n'kudzatsika mawa lake, nthawi zambiri vuto ndi limodzi mwa amenewa. Chikapanda kukwera kawiri motsatizana, chikhalirecho mapulateleti anali atsopano komanso a gulu la magazi lofanana la ABO, ndiye tiganizire ma antibody, asilikali amene thupi limapanga polimbana ndi zachilendo.

Ma antibody amenewa amalimbana makamaka ndi HLA-A ndi HLA-B, zizindikiro za pa maselo a thupi zimene zimasiyana munthu ndi munthu. Thupi limawapanga likakumana ndi HLA ya munthu wina kudzera m'magazi amene analandira kale, chiwalo choikidwa, kapena kutenga pakati, poti mwana amatenga theka la HLA kwa bambo ake. Apa mtima unandipweteka, chifukwa amayi amene abereka ana angapo ndi amene amavutika kwambiri, koma pa fomu yopempha magazi sitifunsa n'komwe za uchembere.

Wopereka woyenera amapezeka posaka wa HLA yofanana, posankha amene alibe zizindikiro zomwe ma antibody a wodwalayo akulimbana nazo, kapena poyesa magazi a wodwala ndi matumba amene alipo. Njira yachiwiriyi inandisangalatsa chifukwa imachulukitsa anthu oti n'kuwaitana. Mapulateleti ofananitsidwa HLA ayenera kuwalitsidwa ndi cheza asanaperekedwe, kuti maselo oyera a woperekayo asaukire wolandira.

Chovuta ndi nthawi. Mapulateleti amakhala masiku asanu okha, pa madigiri 20 mpaka 24, akugwedezedwa. Sitingawasunge kudikira mwini wake. Chimene tingasunge ndi kaundula wa opereka oyezedwa HLA, amene tikawaimbira angabwere kudzakhala pa makina ochotsa mapulateleti m'magazi ola limodzi kapena awiri.

Ndikupempha kuti kuyeza kwa ola limodzi tikuyambe sabata ino, ndipo funso la uchembere lilowe pa fomu. Za kaundula tikambirane tikakumana Lachisanu.