Chilengezo kwa mamembala: zokambirana za banja la a Kapoor

Mamembala olemekezeka a gulu lathu la okonda mafilimu, tikukudziwitsani kuti pa msonkhano wathu wa Loweruka likubwerali tidzakambirana za mabanja amene akhala akugwira ntchito yokonza mafilimu a m'chiyankhulo cha Chihindi mumzinda wa Mumbai, ndipo tidzayambira pa banja la a Kapoor.

Kholo la banjali ndi a Prithviraj Kapoor, amene anachita nawo sewero mu Alam Ara ya 1931, filimu yoyamba ya ku India imene anthu ankamveka akuyankhula. Mwana wawo, a Raj Kapoor, anakhazikitsa kampani ya R.K. Films mu 1948 ali ndi zaka zosakwana 25, ndipo mu 1951 anatulutsa Awaara, filimu imene inatchuka mpaka ku Soviet Union. Chochititsa chidwi n'chakuti bambo awo eni ndi amene anasewera ngati bambo awo mufilimumo, pamene mwanayo ndiye ankatsogolera ntchito yonse. Situdiyo ya a Raj Kapoor ya ku Chembur, dera la mumzinda wa Mumbai, inapsa ndi moto mu 2017 ndipo inagulitsidwa mu 2019, koma zidzukulu zawo monga Kareena ndi Ranbir Kapoor zikupitirizabe kuchita masewero.

Nthawi ikalola, tidzakhudzanso za a Yash Chopra, amene anaphunzira ntchitoyi kwa mkulu wawo, a B.R. Chopra. Funso limene tikupempha kuti mubwere mutaliganizira ndi lakuti kodi mwana wa munthu wamba amapeza bwanji mpata pa ntchito imene mabanja ochepa anaigwiritsitsa chonchi. Chonde tifike pa nthawi yake.